Khoswe Akakhala pa Mkhate: Za Mowa Waukali ndi Ife Osunga Lamulo

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2024, mumzinda wa Blantyre, anthu angapo anamwalira m'masiku owerengeka okha atamwa mowa wotchedwa "Ambuye n'tengeni". Dzina limeneli sanalipeke ndi dokotala kapena mbusa pofuna kuopseza anthu ayi. Analipeka ndi eni ake omwa mowawo, ndipo ankalitchula uku akuseka, ndalama ili m'manja. Maliro aja anaikidwa, anthu analankhula kwa masabata awiri kapena atatu, kenaka tonse tinabwerera ku ntchito zathu ngati kuti palibe chimene chinachitika. Koma mtundu umene ana ake afika poitanitsa imfa pa dzina lake, n'kulipira, uyenera kukhala pansi ndi kudzifunsa mafunso owawa.

Tsamba lino limawerengedwa ndi anthu audindo: apampando a nthambi ndi madera a Chipani, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata, alembi a m'makhonsolo, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, apolisi, ndi ena onse amene malipiro awo amachokera ku msonkho wa anthu. Chifukwa chake sititaya nthawi ndi kudzudzula chidakwa chimene chagona m'ngalande, pakuti icho sichiwerenga nyuzipepala. Tikulankhula ndi inu, ndipo mawu athu ndi awa: mowa waukali wotsika mtengo umene ukutha anyamata a dziko lino sukuyenda chifukwa chosowa lamulo. Malamulo alipo. Ukuyenda chifukwa amene anapatsidwa ntchito yosunga malamulowo atseka maso, ena mwa ulesi, ena mwa mantha, ena chifukwa nawonso ali pa mzere womwewo wa ogula. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khoswe wathuyu wakhala pa mkhate wa udindo, ndipo n'chifukwa chake aliyense akuopa kuponya mwala.

Tiyambe ndi bodza limene limanenedwa kawirikawiri, loti kulimbana ndi mowa ndi kulimbana ndi mwambo wa makolo athu. Amene amanena zimenezi mwina mwambowo saudziwa, mwina akuudziwa koma akuunamizira dala. Mowa wa makolo unali ndi nthawi yake, malo ake ndi eni ake. Kuti mtsuko umodzi wa masese upse pankapita masiku: kunyika chimanga kapena mawere, kudikira kuti chimera chimere, kuchiyanika, kuchisinja, kuphika phala, ndi kudikiranso kuti mowa uwire. Ntchito yotereyi sinkachitika tsiku ndi tsiku. Mowa unkafululidwa pa chifukwa: pa dima, mudzi ukathandiza munthu kulima munda wake, pa ukwati, pa chinamwali, pokumbukira amene anatisiya. Anthu ankayamba agwira khasu, chipanda n'kubwera pambuyo dzuwa litapendeka. Omwa anali akuluakulu, pabwalo, pamaso pa mudzi wonse, ndipo mwana akayandikira ankapatsidwa thobwa. Zidakwa zinalipo ndithu ngakhale kalelo, koma mudzi unkazidziwa, ndipo palibe ankafuna kuti mwana wake akwatiwe nacho chidakwa.

Tsono yerekezani zimenezi ndi mowa umene ukugulitsidwa lero pa okala ya pafupi ndi sukulu. Masese ndi mowa wolemera, wokhutitsa, ndipo ukali wake nthawi zambiri umakhala pa magawo 4 kapena 5 pa 100 aliwonse. Mowa wa m'timabotolo ta pulasitiki ukali wake umafika pafupifupi magawo 40 pa 100, ndiye kuti kuchulukitsa kasanu ndi katatu kapena kakhumi. Kuti munthu aledzere ndi masese pamafunika mimba yaikulu ndi tsiku lathunthu. Kuti mnyamata wa Fomu 2 aledzere ndi kabotolo pamangofunika thumba la kabudula ndi mphindi khumi za nthawi yopuma. Ngakhale kachasu, amene ena amamuyesa wamakolo, dzina lake lomwe likuulula kumene anachokera, pakuti ndi mawu a Chipwitikizi akuti cachaça. Amene akufuna kuteteza mwambo ateteze dima ndi thobwa. Asatiuze kuti kabotolo ka pulasitiki tinakalandira kwa agogo athu.

Mbiri ya nkhondo imeneyi ndi yaifupi, ndipo ambiri a inu mukuikumbukira. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2010 mowa wa m'masacheti unali paliponse: m'misika, m'madepoti a basi, m'magolosale a kumudzi, pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa switi. Aphunzitsi ankatola timapepala take kuseri kwa makalasi. Anansi athu a ku Zambia, kumene ankautcha tujilijili, anauletsa m'chaka cha 2012. Boma la Malawi linauletsa m'chaka cha 2015, ndipo opanga mowawo anathamangira kukhoti kuti lamulolo lisagwire ntchito. Tanzania inaletsa viroba m'chaka cha 2017, Uganda inatsatira m'chaka cha 2019. M'chaka cha 2017 chomwecho dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yake yokhudza mowa. Zonsezi zinali zoyenera kuziyamikira. Koma mowa uja sunachoke, unangosintha malaya. Unalowa m'timabotolo, unalowanso m'zigubu za malita asanu zimene wogulitsa amapungulira m'kachikho malinga ndi ndalama imene mwana wabwera nayo. Tinaletsa pepala, chakumwa n'kuchisiya, ndipo tinaomba m'manja ngati kuti nkhondo yatha.

Kodi chakumwa chimenechi chimachita chiyani m'thupi la munthu? Ntchito yochotsa mowa m'magazi ndi ya chiwindi, ndipo chiwindi sichifulumizidwa. Pa ola limodzi sichingachotse mowa woposa botolo limodzi laling'ono la mowa wamba. Kusamba madzi ozizira, kumwa khofi, kudya kanyenya wa tsabola, zonsezi siziwonjezera liwiro lake ngakhale pang'ono. Pogwira ntchitoyi chiwindi chimasandutsa mowa kukhala poizoni wotchedwa acetaldehyde, amene amawononga chiwindicho ndi ziwalo zina. Munthu akamamwa kwambiri kwa nthawi yaitali, chiwindi chimayamba chachita mafuta, kenaka chimatupa, potsiriza chimachita zipsera ndi kuuma. Poyambapo, munthu akaleka mowa, chiwindi chimatha kuchira. Chikafika pouma zipserazo sizichoka. Ndi pamene timaona bambo wa zaka makumi anayi maso ali chikasu, mimba itadzaza madzi, miyendo itatupa, mwina akusanza magazi, abale ake n'kumathamanga kwa asing'anga kukafunsa amene wamulodza, chonsecho mfiti yake ankaigula yekha tsiku ndi tsiku.

Chiwindi si chokhacho. M'chaka cha 1988 bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili pansi pa Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse la WHO, linaika mowa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, gulu lomwe mulinso fodya. Khansa zake ndi za m'kamwa, pakhosi, kum'mero, chiwindi, matumbo aakulu ndi bere. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka koposa pa dziko lonse. Mowa si chifukwa chokhacho cha nthendayi, koma ndi chifukwa chimene tingathe kuchichotsa ndi manja athu. Munthu womwa kwambiri ali pa chiopsezo chodwala chifuwa chachikulu pafupifupi katatu kuposa wosamwa. Mowa umakweza kuthamanga kwa magazi, umene ndi msewu wa sitiroko. Munthu amene ali pa mankhwala a ma ARV akaledzera amaiwala kumwa mankhwala ake, ndipo kachilombo kamapeza mpata. Mayi woyembekezera akamamwa, mwana wa m'mimba amamwa naye, ndipo ubongo wa mwanayo ukhoza kuwonongeka kwa moyo wake wonse.

Palinso ngozi ina ya mowa wosadziwika kapangidwe kake. Anthu adyera, pofuna kuti mowa ukalipe pa mtengo wochepa, amathiramo mankhwala a m'mafakitale amene amakhala ndi methanol. Pakamwa sipangasiyanitse methanol ndi mowa wamba. Masupuni awiri aang'ono akhoza kumuchititsa munthu khungu. Masupuni awiri aakulu akhoza kumupha. Choopsa china n'chakuti zizindikiro zake zimachedwa. Munthu amagona ngati woledzera wamba, abale n'kumati ndi matsire, ndipo pofika mawa lake maso achita chifunga, mpweya ukubanika, nthawi yothamangira kuchipatala yatha kale.

Ziwerengero nazo zikuchitira umboni. Lipoti la WHO la chaka cha 2024 linasonyeza kuti m'chaka cha 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni pa dziko lonse, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Pakati pa anthu a zaka 20 mpaka 39, imfa 13 pa 100 zilizonse zinali zochokera ku mowa. Umenewu ndiwo msinkhu wolima, womanga, wophunzitsa ndi wolera ana. Kuno kwathu, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti amuna pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse ankamwa mowa, pamene amayi anali pafupifupi anayi okha mwa 100. Koma anapezanso kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa asanu aliwonse ankamwa mopitirira muyezo. Tanthauzo lake n'loonekeratu. Amalawi ambiri samwa mowa, koma ambiri mwa amene amamwa amamwa kuti agwe. Ochepa akumwa, mtundu wonse ukulipira.

Apa ndi pamene bodza lachiwiri likugwera, loti "ndalama ndi zanga, thupi ndi langa, ndiye zikukukhudzani bwanji?" Ndalamazo zikanakhala zako wekha, mkazi wako sakanapita kukakongola ufa kwa anansi pa 5 mwezi utangoyamba, ndipo mwana wako sakanabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Thupilo likanakhala lako wekha, sukanakagona pa bedi la chipatala cha Boma, kulandira mankhwala ogulidwa ndi msonkho wa mlimi wa ku Mchinji amene sanalawepo kabotolo. Nanga dalaivala wa minibasi amene wamwa m'mawa, wanyamula thupi lake lokha? Nanga wa kabaza wa njinga yamoto amene wakweza mayi ndi khanda? Nanga mayi amene amagona kukhitchini ndi ana ake poopa zibakera za Loweruka usiku, ufulu wake uli kuti? Ufulu umene umadya chakudya cha ana ndi kuthyola nthiti za mkazi ndi umbava chabe, ngakhale wakubayo akhale mwini nyumba.

Bodza lachitatu limanenedwa ndi anthu ovala mataye. Iwo amati makampani a mowa amalemba anthu ntchito ndipo amapereka msonkho, tsono kuwafinya ndi kufinya chuma cha dziko. Tiwafunse kuti awerengere mbali zonse ziwiri. Aike msonkhowo mbali imodzi. Mbali inayo aike mabedi a zipatala, ngozi za pamsewu, milandu ya kukhoti, masiku amene ntchito imaima chifukwa cha matsire, minda imene yagonera chifukwa mwini wake anagulitsa feteleza n'kumwera, ndi ana amene asiya sukulu. Komanso mowa umene ukupha anthu msangamsanga, wa m'zigubu zopanda dzina, supereka msonkho ndi tambala yomwe. Za amayi otcheza kachasu, amene ambiri mwa iwo ndi amasiye olera ana okha, sitiyenera kulankhula mwachipongwe. Umphawi wawo ndi weniweni. Koma kuphwanya mbiya ya mayi wamasiye uku tikulonjera mwaulemu mwini fakitale amene akudzaza zigubu zikwizikwi ndi chinyengo. Mayiyo athandizidwe kupeza geni ina kudzera m'magulu a ngongole ndi alangizi a chitukuko, ndipo lamulo liyambire pa wamkulu.

Tanena kuti malamulo alipo, ndipo tiwatchule. Lamulo la mowa la Liquor Act la chaka cha 1979 limafuna kuti wogulitsa mowa akhale ndi chiphaso, ndipo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Makhonsolo ali ndi mphamvu yopereka ziphaso, yoika maola otsegulira ndi kutsekera malo omwera, ndi yolanda chiphaso kwa wophwanya lamulo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi mphamvu yoyeza chakumwa chilichonse chogulitsidwa ndi kutseka fakitale yosatsata miyezo. Lamulo la pamsewu limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera. Malamulo a ogwira ntchito m'Boma amati kupezeka woledzera pa nthawi ya ntchito ndi mlandu. Tsono ngati bala yatsegulidwa 7 koloko m'mawa moyang'anizana ndi geti ya sukulu, alipo amene anasaina chiphaso chake, alipo amene amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku atavala yunifomu, ndipo alipo wapampando wa nthambi amene nyumba yake ili pafupi. Onsewa ali ndi mayina, ndipo onsewa amalandira ulemu wa udindo.

Tonse tikumudziwa mkulu uja amene jekete lake limagwira ntchito mokhulupirika pa mpando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwini wake ali ku shabini. Mayi wachokera kutali, wagulitsa nkhuku kuti apeze ya basi, wabwera kudzasainitsa kalata ya penshoni ya malemu mwamuna wake, ndipo akuuzidwa kuti bwana angotulukako pang'ono. Adikira mpaka dzuwa kulowa. Mawa lake bwana afika maso ali psuu, manja akunjenjemera, fayilo yasowa. Anzake a mu ofesi akudziwa, wamkulu wake akudziwa, koma onse akuti ndi munthu wabwino, ali ndi ana, tisamuwonongere ntchito. Akamufunira zabwino kwambiri amusamutsira ku boma lakutali, kuti akazunze anthu ena. Chifundo choterechi n'chimene chimamupha munthuyo pang'onopang'ono. Ndipo munthu amene ali ndi ngongole ya mowa pa bala sangapite kukatseka balayo. Pamenepo ndi pamene khoswe wakhalira pa mkhate.

Kwa inu atsogoleri a Chipani tili ndi mawu apadera, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi. Pali chizolowezi chonyansa, chimene chafala m'ndale za dziko lino posayang'ana mtundu wa nsalu, chogulira anyamata mowa kuti adzaze lole, akweze mawu pa msonkhano, kapena aopseze anzawo. Mtsogoleri wochita zimenezi asadzitche womanga Chipani. Akugula phokoso la tsiku limodzi ndi chiwindi cha mwana wa mnzake, pamene ana ake enieni ali kusukulu yogonera komweko. Msonkhano ukatha iye akwera galimoto, mnyamata uja atsala ndi chibaba chimene sichidzatha ndi chisankho. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu: mnyamata yemweyo ndi amene adzathyole nyumba yanu usiku kufuna ya kabotolo. Nthambi imene singasonkhanitse anthu popanda chigubu ilibe anthu, ili ndi makasitomala.

Tisamalize osanena za iye amene wagwidwa kale. Uchidakwa ukakhazikika ndi matenda. Ubongo umazolowera mowa mwakuti muyezo wa dzulo sukwanira lero, ndipo mowa ukasowa thupi limaukira: manja kunjenjemera, thukuta, kusowa tulo, mantha. Kwa amene wamwa kwambiri kwa zaka, kuleka mwadzidzidzi payekha n'koopsa, pakuti patapita masiku awiri kapena atatu akhoza kukomoka ngati wakhunyu, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kufa kumene. Munthu wotere asatsekeredwe m'nyumba kapena kumangidwa zingwe. Apite naye kuchipatala, kumene kuli mankhwala omuthandiza kudutsa masiku amenewa. Chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zimathandiza anthu otere, ndipo khomo loyamba ndi chipatala cha boma lanu. Mkulu wa ofesi amene amuitana wantchito wake, namuuza zoona pamaso, namutumiza kukalandira thandizo, wachita zaumunthu kuposa amene amamubisira kaundula wa ofika ku ntchito.

Tsono tichite chiyani? Khonsolo iliyonse iwerenge malo omwera mowa a m'dera lake, iyerekeze ndi ziphaso zimene inapereka, ndipo malo opanda chiphaso ndi oyandikana ndi sukulu atsekedwe. Maola otsegulira alembedwe pakhomo pa bala iliyonse, kuti ndi mwana yemwe adziwe pamene lamulo laphwanyidwa. Wogulitsa mowa kwa mwana alandidwe chiphaso ulendo woyamba womwewo. Zigubu zopanda dzina la wopanga zitsatidwe mpaka kumene zikudzazidwa, osathera pa mayi wa pa msika. Msonkho wa mowa waukali ukhale wokwera kotero kuti kabotolo kasatsike mtengo kuposa buledi, pakuti a WHO anasonyeza kale kuti kukweza mtengo, kuchepetsa malo ndi maola ogulitsira, ndi kuletsa kutsatsa malonda a mowa ndizo njira zotsika mtengo zimene zimagwiradi ntchito. Mafumu, mipingo ndi mizikiti atithandize, koma tisawatulire katundu amene ndi wathu. Ndipo pa misonkhano ya nthambi, nkhani imeneyi ikhale pa mndandanda wa zokambirana, wapampando ayambe ndi kudziyang'ana yekha.

M'mera m'poyamba. Mwana amene lero ali Sitandade 6 sanalawebe kabotolo, ndipo ngati adzalawe kapena ayi zidalira zimene inu muchite ndi chidindo chimene chili m'dirowa yanu, ndi yunifomu imene mwavala, ndi mpando umene anthu anakuikanipo. Anthu amene anamwalira ku Blantyre m'chaka cha 2024 anali ndi amayi awo, ena anali ndi akazi ndi ana. Mowa umene unawapha sunkagulitsidwa kumwezi. Unkagulitsidwa m'dera lokhala ndi khansala, mfumu, apolisi ndi nthambi za zipani. Lolemba likudzali, pamene mukupita ku ntchito, werengani malo omwera mowa amene atsegula kale musanafike pa ofesi, ndipo mukafika mufunse kuti chiphaso chake anasaina ndani.